A Maiko ndi Nyimbo ya pa Mchenga

Tereza, iwe ndi azing'ono ako mwandiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanaiwale. Za ubwana wanga ndizisiya, chifukwa munalibe chachilendo: mbuzi, sukulu ya mishoni ndi malungo. Ndiyambira pamene ndinalowa ntchito ya thonje, imene ndinakalamba nayo.

1938, Khombedza

Kampani inandilemba kuti ndiziyeza thonje pa msika wa ku Khombedza. Ndinapeza ntchitoyo chifukwa ndinkadziwa manambala ndi Chingerezi chochepa cha ku mishoni. Alimi ankafika m'mawa atasenza mitolo, ena ochokera cha kumapiri, ndipo aliyense ankayang'ana nkhope yanga m'malo moyang'ana sikelo. Bwana wathu woyamba tinkamutcha Chimvula, chifukwa akamakalipa malovu ankafika kutali. Sanali munthu woipa, koma anabwerera kwawo osadziwa dzina lakelo. Pa msika womwewo ndi pamene ndinaonana ndi mayi anu, Nabanda. Anabwera ndi thonje la amayi awo, ndipo nditatchula kulemera kwake anati, "Sikelo yanuyi ili ndi njala, yadya theka la mtolo." Anthu anaseka. Pambuyo pake ndinamva kuti ndiwo otsogolera nyimbo pa chimtali cha kwawo, ndipo munthu akachita choseketsa Lolemba, pofika Loweruka amakhala ali m'nyimbo. Ine ndinalowamo sabata yomweyo. Tinakwatirana chaka chotsatira.

Nkhondo itayamba, zinthu zinasowa. Matumba atsopano anasiya kubwera, choncho madzulo tinkasoka akale mpaka chigamba chinkakhala pamwamba pa chigamba chinzake. Mchere unkavuta. Matayala a njinga tinkawathira udzu m'kati, ndipo ukafika ku Salima msana unkakhala ngati wamenyedwa. Anzathu ambiri anapita kunkhondo. Ine kampani inandikaniza, inati thonje likufunika kuposa mfuti ya munthu mmodzi.

1946, Salima

Anandisamutsira ku fakitale yochotsa njere za thonje ku Salima ngati kapitawo, ndipo anatipatsa nyumba ya kampani ya malata. Mayi anu usiku woyamba wa mvula sanagone, ankangomvetsera denga. Chaka chomwecho kunabwera mzungu wokonza makina, wamtali, wa tsitsi lofiira, woyenda motsimphina pang'ono. Dzina la bambo ake linali lovuta pa lilime, choncho tinkangoti a Maiko. Ndinayamba kuwaona bwino ku Misa. Azungu ena sankabwera ku tchalitchi chathu cha udzu, koma iwo anabwera n'kukhala pa benchi limodzi nafe, ndipo pogwada ankapinda mwendo umodzi wokha, wina atautambasula kumbali. Ndinawafunsa ngati anavulala kunkhondo. Anati ayi, bondolo linathyokera pa mpira.

Tsiku lina pa nthawi yopuma, antchito anandituma kuti ndiwafunse ntchito imene ankagwira kwawo. Anayankha, ine n'kumasulira kuti, "Akuti ankasewera mpira."

"Tamva, nanga ntchito?" anafunsa a Chimwaza, mkulu amene ankasonkhezera moto wa injini.

"Akuti ntchito yake inali yomweyo. Ankalipidwa."

A Chimwaza anayang'ana mzunguyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Munthu wandevu kulipidwa chifukwa chosewera? Nanga ana kumeneko amatani, ndiwo amalima?"

Nditamasulira zimenezo, a Maiko anaseka kwambiri, ndipo kuyambira tsikulo ankadya chinangwa chawo pamodzi nafe pamthunzi wa mabelo a thonje. Pang'onopang'ono ndinamva mbiri yawo. Anabadwira ku Ireland, m'tauni yaing'ono, ndipo sankafuna kuti tiziwatcha Mngerezi. Ali mnyamata anatengedwa kukamenyera timu ya mzinda wina wa mafakitale ku Mangalande. Ankati Loweruka m'bwalo munkadzaza anthu oposa onse a kuyambira ku Khombedza mpaka ku Lifuwu, ndipo akamwetsa chigoli khamu lonselo linkaimba dzina lawo. Anasankhidwanso kumenyera dziko lawo maulendo angapo, osati ochuluka. Kenaka bondo linathyoka, n'kuphunzira za makina m'sitima za pamadzi. Ndinawafunsa ngati anali munthu wotchuka. Anaganiza kaye.

"Yosefe, sindinali mwa akuluakulu," anatero. "Ukapita m'tauni yakwathu n'kutchula dzina langa, akugulira mowa. Ukapita mzinda wina, akufunsa kuti ameneyo ndi wansembe wa kuti."

Azungu a ku boma analibe nazo ntchito zimenezi. Iwo ankakonda tenesi, ndipo a Maiko ankawaona ngati munthu wa manja a girisi basi.

1947

Kuseri kwa fakitale kunali bwalo limene anyamata ankamenyerapo mpira wa nsanza. A Maiko anaitanitsa mpira wachikopa ku Limbe, umodzi wokha, umene chubu chake tinachimata mpaka chinasanduka zigamba zokhazokha. Tsiku loyamba anauika pansi, naloza thunthu la mango limene linali patali, naumenya osathamanga n'komwe. Mpira unakwera, unakhota m'malere ngati wina wauitana, n'kukagunda thunthulo. A Chimwaza ndiwo anayamba kulankhula, anati, "Kapena n'koyenera kuti ankalipidwa." Kale tonse tinkathamangira mpira pamodzi ngati nkhuku pa chimanga. Iwo anatiphunzitsa kuima motalikirana ndi kupatsirana, ndipo ankabwereza kuti mpira sutopa, amatopa ndi munthu. Ine sindinali katswiri, koma popeza ndinali womasulira anandiika kukhala mkulu wa timu. Zinali nthawi zokoma. Anthu ankaweruka ntchito akuthamanga, ndipo ngakhale manejala anaona kuti ojomba achepa.

Mwezi wa Okutobala asodzi a ku Senga Bay anatiitana kuti tikamenye nawo. Tinapita pa lole ya kampani Loweruka masana, akazi athu ali pambuyo. Bwalo lawo linali pa mchenga, zigoli zake za nsungwi. Mkulu wawo, Che Saidi, munthu wamfupi wa chifuwa chachikulu, anatilonjera bwino, kenaka anawerama n'kugwira jombo za a Maiko, zimene zinali ndi misomali kunsi.

"Izi ndi nsapato kapena mbedza?" anafunsa. "Auzeni abwana kuti anthu anga mawa akukakoka khoka ndi miyendo yomweyi. Akalowa nazo, ife tikhala pansi."

A Maiko anati zimenezo n'zoona, ndipo anavula. Mapazi awo anali oyera ngati chinangwa chosenda. Inu mukuudziwa mchenga wa Okutobala masana. Ife amene tinakula opanda nsapato tinkaumva, nanji iwo. Sanathe kuima pamalo amodzi. Ankanyamula phazi ili, n'kunyamula linalo, manja ali m'mwamba, chiuno chikugwedezeka chifukwa cha bondo lija. Mpira ukabwera ankaumenya bwino ndithu, koma kawirikawiri unkawadutsa iwo ali kalikiliki ndi mapazi. Kawiri konse anathamangira kunyanja kukaviika miyendo masewero ali m'kati. Asodzi anatigonjetsa mosavuta. Ndiye chakumapeto ndinamva mawu amene ndinkawadziwa bwino, a mayi anu, akuyambitsa nyimbo, amayi ena n'kuvomera ndi m'manja:

A Maiko, a Maiko, mchenga wawotcha,
Avina chimtali opanda ng'oma.
Mpira uli uko, iwo ali kuno,
Nyamulani mwana, mapazi apsa.

A Maiko anaima chilili, n'kuiwala ngakhale kutentha. "Yosefe, akuimba dzina langa?" Ndinati inde. Nkhope yawo inasintha, maso analengeza misozi. Anati chichokereni ku Mangalande sanamvepo anthu akuimba dzina lawo, ndipo ankaganiza kuti sadzamvanso. Anakweza dzanja kwa amayi aja monga ankachitira kwawo, amayi n'kuyankha ndi nthungululu. Tsikulo sanafunse tanthauzo la mawu, ndipo ine sindinanene.

Nyimbo inafalikira. Inkamveka pa mitondo, pa zitsime, mpaka ku siteshoni ya sitima. A Maiko akaimva ankayenda mowongoka ngati mnyamata. Anayamba kulowa masewero aliwonse, ndipo bondo linkatupa ngati dzungu, mwakuti Lolemba m'mawa ankalephera kukwera makwerero okaonera malamba a injini. Timu inkagonja chifukwa anyamata ankapatsira mpira a Maiko okha mwaulemu, koma palibe amene akanatha kuuza mphunzitsi wawo kuti apume. Kenaka tsiku lina anandiitana m'chipinda cha injini. Anati amva mawu akuti mpira ndi akuti mwana, ndipo akuganiza kuti amayi akuwatcha mwana wa kuno. Ankafuna ndiwamasulire nyimbo yonse, mzere ndi mzere, kuti aiphunzire. Ndinapempha kuti andidikire mpaka Lamulungu.

Muyenera kumvetsa mmene zinthu zinalili. Masiku amenewo mzungu akakadandaula kwa manejala kuti wanyozedwa, munthu ankachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, nyumba n'kupatsidwa wina. Ndinali nditaona zikuchitikira kalaliki wina amene anangoseka pa nthawi yolakwika. Iwe Tereza unali kuyamba kuyenda, ndipo mayi ako anali ndi pakati pa Petulo. A Maiko anali munthu wabwino, koma sindinkadziwa mmene munthu wabwino amakhalira akazindikira kuti Salima yense wakhala akumuseka iye akukweza dzanja.

"Mwandiika pamoto, Nabanda," ndinatero nditafika kunyumba.

"Pamoto anadziika okha. Anawavula nsapato ndine?"

"Akufuna ndiwamasulire."

"Masulirani. Muli bodza mmenemo? Sanavine?"

"Ndikhoza kuwauza kuti mumati ndi ngwazi ya mpira. Sangadziwe."

Anasiya kusenda maungu n'kundiyang'ana. "Mukatero, Lamulungu mukalandira Ukaristia ndi pakamwa pomwepo? Ndipo munthuyo akuphunzira Chinyanja. Chaka chamawa akadzamva yekha, adzati amene anamupusitsa ndani, ine kapena inu?"

Analankhula molimba mtima, koma pambuyo pake ndinawaona atakhala pakhomo akuyang'ana denga la malata lija nthawi yaitali. Mawa lake anatuma uthenga kwa amayi awo wofunsa ngati kanyumba kawo kakale kakadali chiimire. Ine ndinapemphera masiku onsewo, ndipo yankho limene ndinkalifuna silinabwere. Chimene chinabwera ndi chomwe ndinkachidziwa kale, kuti munthu amene amagwada nane pa benchi limodzi sindingamudyetse bodza chifukwa choti ndi lokoma.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi tinaima pansi pa mtengo wa mthethe, ndipo ndinamasulira mzere ndi mzere monga anapemphera. Anamvetsera osaphethira.

"Chimtali n'chiyani?"

"Ndi gule wa amayi, Bwana."

Khosi lawo linafiira mpaka m'makutu. "Ndiye mwana uja ndine, woti andinyamule." Ndinavomera. "Anapeka ndani?"

"Mkazi wanga."

A Maiko anavala chipewa chawo n'kumapita osatsanzika. Sabata imeneyo sanabwere ku bwalo, ndipo sanadye nafe pa mabelo. Ankandilankhula za ntchito zokha. Tsiku lina ndinawaona akulowa mu ofesi ya manejala n'kutseka chitseko. Kunyumba sindinanene, koma mayi anu anaona ndiwo zikubwerera m'mbale.

Loweruka masana tinamva "Odi" wa lilime lolemera pakhomo. Anali a Maiko. Ndinawapatsa mpando pakhonde, mayi anu n'kukhala pa mphasa chapatali, iwe Tereza uli pamiyendo pawo. A Maiko anati akufuna kulankhula ndi mwini nyimbo, ine ndingomasulira osawonjezera kapena kuchotsa.

"Mayi, ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe."

"Nanga n'chifukwa chiyani mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu onse?"

Mayi anu anakonza nsalu yawo. "Afunseni ngati anamvapo nyimbo ya manejala, kapena ya bwana wa ku boma."

A Maiko anati sanamvepo.

"Sadzaimva. Amenewo ndi alendo. Mlendo timam'patsa moni ndi madzi akumwa, akachoka tatha naye. Sitimuimba. Timaimba munthu amene tikudziwa kuti mawa tikumana naye pa maliro ndi pa ukwati. Amuna angawa ndinawaimba chaka chathunthu chifukwa cha sikelo yawo yanjala, ndipo mapeto ake mukuwaona."

Ndinamasulira zonse, ndi za ine ndemwe, nkhope ikundiyabwa. A Maiko anayang'ana pansi. Kenaka anati, "Ndikufuna ndimve ya sikeloyo." Ndinayesa kukana, koma anandikumbutsa pangano lathu. Mayi anu anaimba, ine n'kumamasulira mmene ankandinenera kuti kalaliki wa ku Khombedza ndi wowonda chifukwa chakudya chonse amapatsa sikelo. A Maiko anaseka mpaka anagwira bondo lawo. Atapukuta maso anatiuza kuti sabata yonseyo akhala akukumbukira zinthu zimene anaziiwala dala. Anati ku Mangalande kuja, tsiku limene ankaphonya chigoli, khamu lomwelo linkawaimba nyimbo zoipa kuposa iyi, zotchula ngakhale amayi awo, n'kumawagenda ndi makoko a malalanje. Iwo anasunga m'mutima masiku abwino okha. "Koma kumeneko," anatero, "palibe amene anandiuza kuti andinyamule mapazi akapsa."

Ndinalimba mtima n'kufunsa za nyumba. Anadabwa. "Nyumba yatani, ikudontha?" Nditafotokoza za ofesi ya manejala, anati anapitako kukakangana za lamba watsopano wa injini amene sankabwera. Atamvetsa chimene tinkaopa, ndinaona kuti chimenechi chawapweteka kuposa nyimbo. Anati sanadziwe kuti kukwiya kwawo kungagwetse denga la munthu. Mayi anu, poona kuti mphepo yatembenuka, anawonjezera nkhani imene amuna tonse tinailephera.

"Auzeninso kuti bondolo alipumitse. Anyamata akuopa kunena, koma akutopa n'kugonja."

Imeneyi sanaseke. Anasisita bondo lawo nthawi yaitali, kenaka anati kawiri tsopano auzidwa mawu amenewa, koyamba ndi dokotala wa ku Mangalande, ndipo onse awiri sananame. Anamwa thobwa limene anapatsidwa, ngakhale ndikudziwa kuti sankalikonda.

1948

A Maiko anakhala nafe mpaka 1952, pamene anabwerera kwawo kukasamala mlongo wawo wodwala, ndipo m'zaka zonsezo sanamenyenso mpira wa mpikisano. Ankaphunzitsa ali kunja kwa mzere, ndipo timu yathu inafika pomaitanidwa ku Chipoka ndi ku Dowa. Koma tsiku limene ndimalikumbukira kwambiri ndi limene asodzi a ku Senga Bay anabwera pa bwalo lathu mvula itatha. Anthu anadzaza mpaka m'mitengo. Magulu onse awiri ankalimbana mofanana, ndipo chigoli sichinkaoneka. Chimene chinasowa ndi nyimbo. Amayi anali atamva kuti mzungu wadziwa tanthauzo, ndipo ngakhale mayi anu anawauza kuti nkhani inatha bwino, palibe amene ankafuna kuyamba. Ankangowomba m'manja mwaulemu ngati ali pa msonkhano wa boma.

A Maiko anayang'ana kumene kunali amayiwo kangapo. Kenaka anandipatsa chipewa chawo kuti ndigwire, anayenda motsimphina mpaka patsogolo pawo, n'kuyambitsa okha nyimbo ija ndi mawu aakulu. Ananyamula phazi ili, n'kunyamula linalo, manja m'mwamba, chiuno chikugwedezeka monga pa mchenga paja, koma tsopano atavala jombo. Lilime lawo linkalephera mawu akuti apsa, choncho pomaliza anaimba kuti, "Nyamulani mwana, mapazi apusa." Amayi ena anagwa pansi ndi kuseka. Ena anavomera nyimbo, ng'oma inatulukira kumene sindikudziwa, ndipo bwalo lonse linatembenukira kumeneko. Asodzi nawo anaima n'kumaonerera, ngakhale goloboyi wawo. Mnyamata wathu mmodzi yekha ndiye anakumbukira zimene anaphunzitsidwa, kuti wenzulo isanalire mpira sunaime, ndipo anaukankhira m'golo mopanda womuletsa.

Che Saidi anabwera kwa ine akupukusa mutu. "A Yosefe, chigoli ichi n'cha mzungu wanu. Mpira sanaukhudze, koma n'chake. Inshallah chaka chamawa tibwera ndi wovina wathu." Nditamasulira, a Maiko anati pa zigoli zonse zimene anamwetsa, ichi chokha ndicho sichinawapweteke bondo.

Pobwerera kunyumba, mayi anu ali ndi Petulo kumbuyo, ndinawafunsa ngati adzawakonze a Maiko mawu aja, popeza apsa ndi apusa n'zosiyana.

"Asiyeni," anatero. "Eni nyimbo ndi iwowo. Mmene aimbiramo ndi mmene tiziimbira."

Ndipo kuyambira tsikulo, pa mitondo ndi pa zitsime, mapazi a a Maiko sanapsenso. Ankangopusa.